Maliro Achiwiri a Whiteson Nyendwa

Vitalis Daka anakhala pampando mu ofesi ina ya pa Boma la Petauke, atakumbatira chisoti cha mumgodi pamaondo ngati pali wina wofuna kumulanda. Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 1981, dzuwa likuswa mtengo, malata a padenga akungothetheka. Kuseri kwa tebulo kunakhala a Edmond Mumba, loya wa boma wochokera ku Lusaka, munthu wochepa thupi koma wa mapepala ambiri.

"Tiyambilenso, bambo," anatero loyayo. "Dzina lanu ndimwe ndani?"

"Whiteson Nyendwa."

Aka kanali kachitatu kufunsa, ndipo kanali kachitatu kulandira yankho lomwelo. A Mumba anavula magalasi, napukuta thukuta, kenaka anasolola mapepala awiri m'fayilo n'kuwayala pamaso pa Vitalis.

"Onani. Ili n'la ku chipatala cha mishoni. Likamba kuti Whiteson Nyendwa anamwalila ndi chifuwa mu Juni 1976. Ili lina likamba kuti mu 1979 Whiteson Nyendwa yemweyo anasaina, kupeleka mgodi wake wa ku Sasare ku kampani ya a Hilary Sakala. Manje niuzeni, munthu wa kumanda agwila bwanji bolopeni?"

"Thupi ndiye linapita, bwana. Dzina ananilowetsa ine. Anali amalume anga."

"Mwambo niudziwa, naine kwathu n'ku Nyimba. Koma lamulo silinaliko ku mowa wa chikumbutso." Loyayo anatsitsa mawu. "Mvetselani bwino. Boma lasumila kampani ya a Sakala kuti ibweze mgodi, pakuti inautenga mwachinyengo. A Sakala akuti iwo sanadziwe kanthu, akuti munawanamiza ndimwe. Mailo muimilile pamaso pa ajaji mukambe zinthu zitatu chabe: kuti Whiteson anafa, kuti imwe sindimwe Whiteson, ndi kuti a Sakala anali kudziwa zimenezo. Mukakamba, mubwelela kwanu. Mukaumilila pa dzinali, a Sakala apulumuka, imwe apolisi akutengani pa mlandu wodzitcha munthu wina. Zaka zisanu m'ndende, mwina kuposa."

"Nanga nikakamba, mgodi ubwelela kwa ise?"

"Iyai. Laisensi inali ya Whiteson, inatha pamene iye anatha. Mgodi ubwelela ku boma."

Mlandu unali woti ulowe m'khoti m'mawa mwake. Za mgodi anali atalira kale n'kutonthola. Chimene chinamuvuta chinali kunja kwa zenera. Pansi pa mtengo wa mango panakhala mkazi wake Olipa, ndipo pambali pake panali mayi ake omubala, a Dainess, atawongola miyendo, akudikira kuti mlongo wawo atuluke mu ofesi. Pakuti kwa a Dainess, munthu amene anali mu ofesimo anali mlongo wawo.

A Dainess ndi malemu Whiteson anatsala awiri okha mwa ana asanu ndi awiri a mimba imodzi. Chaka cha nthomba, makolo atatha, Whiteson anabereka kamlongo kakeko kumbuyo n'kuthawa nako kuchoka ku Kaumbwe mpaka kwa abale a ku Sasare, ulendo wa masiku atatu. Atakula anapita ku migodi ya ku Mufulira, nakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dziko litalandira ufulu anabwerera kumudzi ndi chisoti, chifuwa chosapola, komanso liuma la bulu. Liumalo ndilo linamuyendetsa m'maofesi mpaka anapatsidwa laisensi yokumba pa dzenje lina lakale limene azungu analisiya. Golide wa pamenepo anali wamanyazi. Munthu unkasinja miyala mumtondo wachitsulo mlungu wathunthu, kutsuka m'beseni mpaka msana kuuma, kuti uone timchenga tachikasu tosadzaza n'kabotolo ka mankhwala a m'maso komwe. Komabe mchere, sopo ndi mayunifolomu a ana zinkachokera momwemo, ndipo Vitalis anakulira pamtondo umenewo, pambali pa malume ake.

Whiteson atamwalira, a Dainess anameta mpala monga mwa mwambo, koma anzawo atatonthola iwo sanatonthole. Anasiya kulima, chakudya ankangochigwiragwira, mpaka anatsala mafupa okhaokha. Chaka chitatha anafulula mowa wa chikumbutso. Akuluakulu a mbumba anakhazika Vitalis pamphasa, namuveka chisoti chija, namugwiritsa nyundo ndi chitupa cha malemu, ndipo m'modzi wa iwo anafuula kuti, "Whiteson wauka!" Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Ana atatu amasiye anabwera kudzagwada, namutcha atate. Potsiriza anabwera a Dainess atanyamula chikho cha madzi ndi manja awiri. Anagwada pamaso pa mwana wawo, namuyang'ana nkhope kwa nthawi yaitali.

"Alongosi," anatero, monga mmene mkazi wa Chinsenga aitanira mlongo wake. "Mwabwela."

Tsiku lomwelo anadya, ndipo mvula itagwa anagwira khasu.

Musaganize kuti a Dainess mutu unasokonezeka, ayi. Amene anamubala ankamudziwa bwino lomwe. Koma mwambo unawabwezera mlongo, ndipo iwo anamulandira ndi mtima wonse, osasiyako kachigawo. Ankamukumbutsa za ubwana umene iye sanauone, za mbuzi ya atate awo imene inadya malaya a mphunzitsi, ndipo Vitalis anaphunzira kuseka pamalo oyenera. Anakondwa kuwaona ali moyo. Chimene sanauze munthu, ngakhale Olipa, n'chakuti ulemuwo unkamupweteka. Zaka zinayi mayi ake sanamukalipire, sanamutume, sanamuitane "Vita iwe!" ndi mawu aja amene kale ankamveka tsidya la dambo. Iwo anapeza mlongo, koma iye anasanduka wamasiye, mayi ake akuwaona tsiku ndi tsiku.

A Hilary Sakala anali wogula golide, munthu wa suti ya safari ndi Landirova yobiriwira. Ankagula kwa malemu, ndipo pa mowa wa chikumbutso uja analipo, anabweretsa ndi mbuzi yomwe. Chaka cha 1979 dzenje linadzaza madzi, ndowa zinalephera. A Sakala anafika ndi mawu ozuna, akuti pampu ya injini abweretsa iwo, golide azigawana. Akuluakulu anagwedeza mitu nati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pepala linali la Chingerezi, masamba anayi, pamene Vitalis sukulu anailekera Sitandade 2.

"Nilembe dzina liti?" anafunsa Vitalis tsikulo.

"A-a! Muli ndi maina angati, a Nyendwa? Lomwe anakupatsani akulu. Kapena mufuna kuwanyoza?"

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano, akukopera pa chitupa cha malemu. Mumtima mwake munalibe bodza, munali kunyada. Pampu inabweradi. Pambuyo pake panabwera waya waminga ndi alonda awiri, ndipo mwezi usanathe mlonda anamubweza pachipata cha dzenje la malume ake, akumuuza kuti mgodi uli ndi eni ake. Pepala lija silinali la pampu, linali lopereka mgodi wonse. Boma linadzidzimuka mochedwa, golide atayamba kutuluka m'dziko mozemba, ndipo pofufuza mpamene linapeza kuti wosainayo anali ataikidwa m'manda zaka zitatu zapitazo.

Vitalis atatuluka mu ofesi muja, Olipa anangomuona nkhope n'kudziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Anati akufuna kukatunga madzi pampopi wa kuseri kwa khoti, mwamunayo amunyamulire chigubu. Kumeneko Vitalis anamufotokozera zonse.

"Ndiye palinso choganiza apa?" anafunsa Olipa. "Ine ninakwatiwa ndi Vitalis Daka. A Whiteson awa ninawalandila chabe chifukwa cha ulemu. Ana athu anayi, amasiye atatu. Mukalowa m'ndende azadya dzina?"

"Amama azafa, Olipa. Unawaona mwamene analili chaka chija."

"Nanga mukamangiwa sazafa? Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo. Munavomela chisoti, vomelani ndi izi."

Ananena mwaukali, koma chigubu chinasefukira iye osachiona, maso atadzaza misozi.

Anabwerera pansi pa mango. A Dainess anali atamasula kamfundo ka mtedza wokazinga, ndipo anasankha wonenepa n'kumuthirira Vitalis m'manja. Iye anakhala pansi pafupi nawo, pafupi kuposa mmene mlongo akhalira. Anayesa kawiri kuyamba nkhani, mawu akukana.

"Amama..." linamupulumuka liwulo.

"A-a!" A Dainess anamugwira mkono. "Mwaiwala, alongosi? Amama athu ali kumanda ku Kaumbwe." Anamuyang'ana mwachifundo, namwetulira. "Mwaopa ajaji? Muja munanipapa pamsana masiku atatu, mikango ikulila m'thengo, munaopa? Mailo mukawauze chabe kuti dzenje n'lanu, munakumba ndi manja anu. Neo nizakhala pafupi, nizamvako."

Vitalis anatafuna mtedzawo osamva kukoma kwake. Kuwauza pomwepo kunali kuwalasa kawiri, lero ndi mawa, ndiye sanawauze. Koma pansi penipeni pa mtima wake panali kanthu kena kamene kanamuchititsa manyazi: kachimwemwe kakang'ono, koti mwina mawa atula katundu amene wakhala atasenza zaka zinayi. Anakakankhira pansi kanthuko, koma sikanachoke.

M'mawa mwake khoti linadzaza. Anthu a ku Sasare anabwera panjinga, ena wapansi. Pakhomo mesenjala anati chisoti sichilowa m'bokosi la mboni, choncho Vitalis anachipereka kwa mayi ake, amene anachiika pamiyendo pa benchi yachiwiri. Jaji anali wochokera kutali, wosamva Chinyanja, ndipo mawu aliwonse ankadutsa mwa womasulira, a Ezekiel Njovu, bambo wa mawu omveka ngati belu la tchalitchi.

Anayamba ndi a Sakala. Anagwira Baibulo ndi dzanja losanjenjemera, nalumbira kuti malemu sankamudziwa bwino nkhope, kuti munthu anabwera ndi chitupa nadzitcha Whiteson Nyendwa, ndipo iwo, pokhala munthu wokhulupirira anzawo, anakhulupirira. Kunama kwina kumafuna mphatso, ndipo a Sakala anabadwa nayo.

Kenaka anaitana Vitalis. A Mumba anaimirira.

"Uzani khoti dzina lanu."

Vitalis anayang'ana pa benchi yachiwiri. Mayi ake anamugwedezera mutu kumulimbitsa mtima, manja awo ali pachisoti. Anayang'ana Olipa, koma Olipa anali atawerama.

"Ndine Vitalis Daka."

"Whiteson Nyendwa ali kuti?"

"Anamwalila."

"A Sakala anali kudziwa kuti anamwalila?"

"Anali kudziwa. Pa mowa wa chikumbutso analipo. Anabweletsa mbuzi ya mawanga, chiwindi anadya iwowo. Pamene ananiveka chisoti, anaomba m'manja."

Anthu anaseka, ena anafuula kuti n'zoona, mpaka mesenjala anawaletsa. Koma loya wa kampani anadzuka, munthu wamtali wolankhula mosathamanga. Anati poyamba paja mboni inalankhulira m'kamwa, ibwereze mokweza. Vitalis anabwereza. Loyayo sanakhutire.

"Ndiye pamene munalemba dzina la Whiteson pa pepala, munanama?"

"Sininaname. Tsiku lija ninali Whiteson."

"Nanga lelo?"

"Lelo sindine."

"Bambo, munthu si malaya ovala ndi kuvula. Yankhani limodzi. Munakhalapo Whiteson Nyendwa, kapena iyai?"

A Mumba anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, wapolisi anasuntha mapazi. Vitalis anagwira thabwa la bokosi la mboni ndi manja onse awiri.

"Whiteson Nyendwa anafa mu 1976. Tinamuika ku Sasare. Ine sindine Whiteson. Sininakhalepo Whiteson."

Kwa kanthawi kochepa anamva thupi kupepuka, ndipo pomwepo anadzida chifukwa cha kupepukako. A Njovu ananyamula mawuwo n'kuwabwereza m'Chingerezi mokweza, dzina la malemu likumveka bwino lomwe pakati pa mawu achilendowo, kotero kuti a Dainess anaimva imfayo kawiri. Sanalire, sanagwe. Anangochotsa manja pachisoti n'kuwaika pa benchi, lina uku lina uku.

Mboni zina zitatu zinaikumbukira mbuzi ija mpaka mawanga ake, ndipo a Sakala thukuta linawatsikira m'kolala. Chigamulo chinatuluka tsiku lotsatira. Jaji anati mgodi unasamutsidwa mwachinyengo ndipo pepalalo lafafanizidwa, dzenje ndi zonse zili pamenepo zibwerere ku boma, a Sakala akayankhe kwa apolisi. Pakhonde a Mumba anamugwira chanza Vitalis.

"Mwachita bwino, a Daka. Boma lapambana chifukwa cha imwe."

Ananena ndi mtima wabwino, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

Vitalis, Olipa ndi a Dainess anakwera lole yopita kukatenga thonje, natsika pamphambano, n'kuyamba wapansi. A Dainess chitulukire m'khoti muja sanalankhule. Olipa akawapatsa madzi ankamwa, Vitalis akawapatsa ankayang'ana kumbali. Chisoti anachimanga m'chitenje n'kuchisenza okha pamutu. Podutsa pa dzenje anapeza apolisi awiri akukhoma chikwangwani chatsopano pa chipata. Waya anali yemwe uja wa a Sakala, anangosintha mwini, ndipo injini ya pampu anali ataizimitsa.

Dzuwa litapendeka anafika pa kanjira kolowera m'mudzi. Pamenepo a Dainess anaima, natula katundu wawo, namanga chitenje m'chiuno molimba monga achitira amayi pofika pasiwa. Kenaka anaika manja kumutu n'kuyamba kulira maliro.

"Mayo ine! Alongosi anga ine! Mwanisiya ndi yani ine!"

Anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga. "Kwagwanji ku Boma? Wamwalila ndani?" Ana amasiye aja anafika, naona chisoti chili pansi, naona mutu wa Vitalis uli wopanda kanthu. Wamkulu, mtsikana wotha msinkhu, anamvetsa, nayenso anayamba kulira. Amayi a m'mudzi, posadziwa chochita china, anakhala pansi n'kuthandiza maliro.

Maliro opanda mtembo ndi ovuta. Palibe bokosi lokhoma, palibe manda okumba, palibe ntchito yoti mwamuna abisemo nkhope. Vitalis anaima pakati pa bwalo manja ali lende, mtima utasweka, akumva mayi ake akulira munthu amene iye anamupha ndi pakamwa kuti ana asanu ndi awiri asagone ndi njala. Ankadziwa kuti sanalakwe, koma kudziwako sikunamuthandize kanthu.

M'mawa mwake anakhala kuseri kwa nyumba yake akusema mpini, popeza tsopano khasu ndilo linatsala.

"Vita! Vita iwe!"

Mpini unagwa pansi. Anali mawu omwe aja, okalipa, omveka tsidya la dambo. Zaka zinayi anawalakalaka, ndipo tsopano atafika analakalaka akanapanda kuwamva. Komabe miyendo inathamanga yokha.

Anawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, duku atavula, chisoti chili pamiyendo. Pambali pawo panali lumo ndi kambale ka madzi.

"Nimete," anatero.

"Amama, kumeta malilo si nchito ya mwana. Lekani niitane..."

"Unamuika ndiwe. Umete ndiwe."

Vitalis anagwada kumbuyo kwawo. Ananyowetsa tsitsi lija limene linamera chaka chimene Whiteson anauka, loyera tsopano ngati thonje. Misozi yake inkagwera m'khosi mwa mayi ake. Iwo anaimva. Anatambasulira dzanja kumbuyo osacheuka, namugwira bondo.

"Pukuta m'maso, mwana wanga, unganicheke. Kulila m'modzi kwanikwana."

Lumo linayamba kuyenda. Tsitsi linkagwa pang'onopang'ono, lina pamphasa, lina pachisoti. Kutali ku dzenje pampu inali chete, ndipo madzi anali atayamba kubwerera mumgodi.